Masabata asanu pakati pa oumba mbiya ku Dedza

Ukachoka mumzinda wa Lilongwe pamsewu wa M1 kulowera ku Dedza, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, ukangowoloka mtsinje wa Diamphwe mapiri amayamba kukuyandikira ndipo mphepo imayamba kuzizira. Apaulendo ambiri maso awo amakhala pa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato zimene amalonda amayala m'mbali mwa msewu. Ndi ochepa amene amaganizako za nthaka yeniyeniyo. Komatu m'madera a Linthipe muli dongo labwino loumbira, limene akatswiri a za miyala ndi nthaka akhala akulitchula kwa zaka zambiri, ndipo dzina la malo ngati Chimbiya likudzinenera lokha kuti mbiya si mlendo m'dera limeneli.

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kumudzi, komwe ndimaphunzitsa Chemistry ndi Agriculture. Patchuthi chachikulu chapitachi ndidakakhala kwa mlamu wanga m'mudzi wina wa m'boma la Dedza, mtunda wa ola limodzi panjinga kuchoka pamsewu wa tala. M'mudzimo muli gulu la amayi oumba miphika, mitsuko ndi mbaula zadothi, ndipo amalandira aliyense wofuna kuphunzira. Malipiro ake si ndalama ayi. Wophunzira amatunga madzi, amaponda dongo, amasenza nkhuni, ndipo akatero ndiye amapatsidwa malo pamkeka ndi chibuma chake cha dongo. Ndidavomera, ndipo ndidakhala nawo masabata asanu, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Malo awo ogwirira ntchito ndi chisakasa chaudzu chachitali, chotchingidwa ndi mpanda wa mapesi mbali imene mphepo imachokera. Mkatimo muli mathandala a nsungwi oyanikapo zoumba, dzenje lokutidwa ndi pepala lapulasitiki momwe amasungamo dongo, ndi mitondo iwiri yakale yosinjira mapale. Chapatali pang'ono pali uvuni wozungulira wa njerwa, wofika m'chiuno mwa munthu. Mwezi wa Ogasiti kuno kumacha kozizira kwambiri, moti ntchito imayamba dzuwa litakwerako, manja atayamba kumva. Boma la Dedza lenilenilo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, choncho munthu wochokera kuchigwa asaiwale juzi.

Wotiphunzitsa adali gogo wina wa zaka za m'ma 70, amene aliyense, ngakhale nyakwawa, amangomutchula kuti agogo. Tsiku loyamba amayiwo adaseka ataona mwamuna akuvula nsapato kuti aponde dongo, chifukwa pa Chichewa chathu kuumba mbiya ndi ntchito ya amayi kuyambira kale. Agogo adawaletsa. "Alekeni aphunzitsi. Koma inu aphunzitsi mudziwe kuti dongo silidziwa dipuloma, limadziwa manja basi," adatero. Kuyambira pamenepo ndidakhala mwana wasukulu wa kumapeto kwenikweni kwa mkeka, pafupi ndi atsikana awiri amene adayamba sabata imodzi ine ndisanafike.

Phunziro loyamba silidachitikire m'chisakasa. Tidapita kumtapo, kudambo la kumunsi kwa mudzi, titanyamula makasu ndi matumba. Dothi lapamwamba amalichotsa kaye ndi kuliunjika pambali, chifukwa lili ndi mizu ndi zinyalala. Dongo labwino lili pansi, mwina kufika m'mawondo kapena kupitirira. Agogo adatapa pang'ono, nkulinyowetsa, nkulipota ngati chingwe kenaka nkulikulunga pachala. Likathetheka, ndiye kuti mchenga wachuluka. Likamatirira kwambiri osafuna kuchoka m'manja, ndiye kuti lidzang'ambika pouma pokhapokha litasakanizidwa ndi zina. Ndidayima pamenepo ndili kakasi, chifukwa kuyesa nthaka kotereku ndi kumene ndimalemba pabolodi m'kalasi ya Agriculture, ana nkumakopera m'makope popanda ndi mmodzi yemwe wogwira dothi.

Kumtapo kuli malamulo ake. Ena ndi a miyambo, monga oti mayi amene ali kumwezi asalowe m'dzenjemo, ndipo amayi achikulire amawasungabe pomwe ena achitsikana amangowalemekeza pamaso pa akulu. Ena ndi a nzeru za tsiku ndi tsiku: dzenje limene latha ntchito likwiriridwe kuti ana ndi ziweto zisagweremo nthawi ya dzinja, ndipo munthu asakumbe chopingasa pansi pa chigumula kuopa kugumukiridwa. Dambolo lili m'manja mwa amfumu. Chaka chilichonse pamabwera anthu ofuna kulimapo madimba, ndipo amayiwa amayenera kukadandaula kuti kachigawo ka mtapo kasagawidwe. Tsiku limene kachigawoko kadzapite, gululi lidzathera pomwepo.

Dongo likafika kuchisakasa silikhudzidwa tsiku lomwelo. Amalichotsa timiyala ndi mizu, amalithira madzi, amaliponda ndi mapazi, kenaka amalifunditsa m'dzenje kwa masabata awiri kapena kuposa kuti madzi alowerere paliponse. Pa tsiku loumba amalisakaniza ndi ufa wa mapale osinja. Mphika wosweka kuno satayidwa kudzala, umabwerera mumtondo. Ufa wa phale umathandiza kuti chiwiya chisafote kwambiri pouma ndiponso kuti nthunzi ipeze potulukira pamoto. Akatero amalikanda ngati ufa wa mandasi, kulipinda ndi kulimenya, mpaka mpweya wonse wobisala mkati utatuluka.

Gudumu loumbira kuno kulibe. Woumba amakhala pansi, amaika chibuma cha dongo paphale lalikulu, ndipo phalelo ndi limene amalizunguza ndi dzanja. Amaboola pakati ndi chibakera, nkumakoka khoma kuchokera pansi kukwera m'mwamba, dzanja lina mkati lina kunja. Khoma likafuna kutalika amawonjezera dongo lopota ngati soseji, mzere ndi mzere. Zida zake ndi za pakhomo pomwepo: chitsononkho chosalazira kunja, kachidutswa ka chikho kopalira mkati, kansungwi kodulira, kansalu konyowa kokonzera mlomo, ndi nkhulungo yokulungizira chiwiya chikayamba kuuma kuti chiwale. Palibe chogula ngakhale chimodzi.

Agogo saphunzitsa ndi mawu ambiri. Amakugwira dzanja, nkuliika pakhoma la mphika wawo, kuti umve wekha makulidwe oyenera pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kenaka amakubwezera pa wako. Sabata yonse yoyamba tonse atatu ophunzirafe tinkaumba timbale tokhatokha, ndipo madzulo timbale tambiri tinkabwezedwa m'dzenje kuti dongolo ligwirenso ntchito mawa. Sabata yachiwiri tidafika pa timiphika ta ndiwo. Mtsuko, umene uli ndi khosi lopapatiza, ndi wa anthu amene akhalitsa. Agogo amauumba akucheza za maliro a kutsidya, maso ali kwina, koma ukatha umaima chilili ngati adauyeza ndi chingwe. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'chisakasamo mwambiwu ndi ndondomeko ya ntchito.

Chimene chimabweretsa ndalama zambiri pagululi masiku ano si miphika, koma mbaula zadothi zija zimadziwika kuti Chitetezo Mbaula. Izi amaumbira m'chikombole kuti zonse zifanane, kenaka amaboola khomo la nkhuni ndi timabowo ta mpweya, nkumatapo zogwirira ndi timitu titatu tokhazikapo poto. Mu 2013 boma lidalengeza cholinga choti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni, ndipo m'zaka zimenezo magulu ambiri a kumidzi adaphunzitsidwa kuumba mbaulazi. Gulu lino ndi limodzi mwa amenewo. Chisakasa ndi uvuni zidabwera ndi mbaula, ndipo miphika ya makolo idapezerapo pogona.

Masana ntchito yanga idali ya wantchito wamba. Ndinkatunga madzi pamjigo, kutembenuza zoumba pamathandala kuti ziume mofanana, ndi kutseka mipata ya mpanda, popeza mphepo ya Ogasiti ikawomba chiwiya mbali imodzi imaching'amba. Zoumba zimauma pamthunzi kwa masabata awiri kapena atatu zisanaone dzuwa. Atadziwa kuti ndimatha masamu adandipatsanso kope la gulu. Mayi aliyense ali ndi chizindikiro chake chimene amadinda pansi pa chiwiya, wina mtanda, wina timizere titatu, wina chala. Zikagulidwa, gawo lina limalowa m'thumba la gulu logulira nkhuni ndi kulipira ngolo, lotsalalo ndi la mwini chiwiya. Ambiri amakaliika kubanki mkhonde. Mayi wina wamasiye adandionetsa m'kopemo mzere wa dzina lake nkundiuza kuti fizi ya mwana wake wa Fomu 3 imachokera pamenepo.

Tsiku lootcha ndiye tsiku lalikulu. Lidafika m'sabata yachinayi. Tidayamba ndi kuyanika zonse padzuwa m'mawa, kenaka kuzisanja mu uvuni chozondoka, zazikulu pansi zazing'ono pamwamba, nkuvundikira ndi mapale akale ndi matope. Moto woyamba umakhala waung'ono, wa utsi wokhawokha, kwa maola angapo. Atsikana aja ankafuna kuwonjezera nkhuni, koma agogo ankawabweza ndi kamtengo. "Musauthamangitse, mbiya zikutuluka thukuta," adatero.

Zimene agogo amazitchula thukuta ndi zimene ife timaphunzitsa ndi manambala. Chiwiya chooneka chouma chimakhalabe ndi madzi mkati, ndipo pa madigiri 100 madziwo amasanduka nthunzi. Moto ukakwera msanga, nthunziyo imasowa njira ndipo chiwiya chimaphulika, nkuswanso zinzake zoyandikana nazo. Kutentha kukafika cha m'ma 500 mpaka 600, madzi amene ali m'kapangidwe ka dongo lenilenilo amachoka, ndipo kuyambira pamenepo chiwiyacho sichingasungunukenso m'madzi. Pa madigiri 573 timchenga ta mtundu wa quartz timafufuma mwadzidzidzi, ndipo timabwereranso pozizira, nchifukwa chake uvuni sautsegula msanga. Kufiira kwa mphika kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dongomo chikakumana ndi mpweya wokwanira, pomwe madontho akuda amabwera pamene nkhuni kapena utsi zidatsekereza mpweya. Agogo alibe chida choyezera kutentha. Amayang'ana mtundu wa moto kukada, ndipo ukafiira mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba amati zapsa.

M'mawa mwake tidatsegula. Chiwiya chilichonse amachigogoda ndi chala. Chabwino chimalira kuti ngwee ngati belu, chong'aluka chimangoti phwa. Mbali ya uvuni imene idayang'ana kumphepo idatitayitsa mbaula zisanu ndi imodzi ndi mitsuko iwiri, ndipo umodzi udali wa mayi wamasiye uja. Panalibe wolira kapena woloza mnzake chala. Lamulo la gulu ndi loti zosweka pamoto zimagawidwa kwa onse, chifukwa moto udali wa onse. Ndidalemba m'kope monga adandiuzira, mapalewo nkupita kumtondo. Timiphika tanga tiwiri tidatuluka tamoyo. Adandilangiza kuti ndisanaphikiremo ndiwo ndiyambe ndawiritsamo gaga kuti timabowo tating'onoting'ono titsekeke.

Nkhani ya nkhuni imawadetsa nkhawa amayiwa. Amaumba mbaula zopulumutsa mitengo, koma kuti mbaulazo zipse pamafunikanso moto. Nkhalango ya Chongoni ndi yotetezedwa, ndipo mitengo ya m'midzi idatha kale. Nchifukwa chake amasunga zitsononkho, mapesi ndi nthambi za nandolo, ndipo kuseri kwa chisakasa adabzala mitengo yawoyawo. Uvuni wa njerwa umathandizanso, chifukwa umasunga kutentha kuposa kuotchera pamtetete monga ankachitira makolo.

Loweruka lina ndidatengana ndi atsikana awiri aja kupita ku Dedza boma kukaona Dedza Pottery, imene idakhazikitsidwa mu 1987 ndipo ili chakumpoto kwa tawuniyi, m'munsi mwa phiri. Kumeneko kuli makapu, mbale ndi matailosi zopakidwa mankhwala owala ngati galasi ndi kujambulidwa nyama, nsomba ndi midzi ya ku Malawi. Ziwiya zamtundu umenewu zimaotchedwa pamoto wopitirira madigiri 1,200, umene uvuni wa kumudzi sungaufike, ndipo sizidutsa madzi. Atsikanawo adaima nthawi yaitali osayankhula. Pobwerera mmodzi adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti munthu angathe kulembedwa ntchito chifukwa cha dongo lomweli?" Ndidamuyankha kuti waona yekha.

Dera limeneli lili ndi mbiri yozama. Mapanga a Chongoni, monga Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, ali ndi zojambula pamiyala zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo malo ake onse ndi 127. Zofiira akuti zidajambulidwa ndi Akafula, pomwe zambiri zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo utoto woyerawo ndi dothi. Kutsikira kuchigwa cha Mtakataka, m'boma lomweli, kuli Mankhamba, likulu lakale la a Kalonga a Maravi. Katswiri wofukula zakale Dr Yusuf Juwayeyi adakumba pamenepo ndipo adapeza mapale ochuluka, pamodzi ndi mikanda ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Akatswiriwa amasiyanitsa nyengo za mbiri yathu poyang'ana mapale. Mbiya za mtundu wa Nkope, zotchedwa dzina la malo a ku Mangochi, zidaumbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, pomwe za mtundu wa Mawudzu amazigwirizanitsa ndi Amaravi. Nsalu zidawola, nyumba zidagwa, koma phale lidatsala. Zambiri zimene tikudziwa za makolo athu a nthawi imeneyo tidazidziwa chifukwa cha manja a amayi onga agogo.

Pamsika zinthu sizili bwino kwenikweni. Ndidaperekeza ngolo tsiku la msika ndipo tidayala katundu wathu moyang'anizana ndi ogulitsa zidebe zapulasitiki ndi mapoto achitsulo. Poto sasweka, chidebe nchopepuka, ndipo palibe angadzudzule mayi amene wasankha zimenezo. Mbaula zidatha dzuwa lisanapendeke. Miphika idayenda pang'onopang'ono, ndipo ogula ambiri adali achikulire amene amati nyemba za mumphika wadothi zimakoma mwina, komanso sizizizira msanga. Mitsuko idagulidwa ndi anthu odziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira okha. Khoma lake limatulutsa timadzi pang'onopang'ono, ndipo timadzito tikamauma kunja timatenga kutentha kwa madzi a mkati. Kumudzi kopanda magetsi, imeneyo ndiye firiji.

Chimene chidandikhudza kwambiri ndi msinkhu wa anthu a m'chisakasamo. Kupatula atsikana awiri aja, wamng'ono pa onse ali ndi zaka za m'ma 40. Ambiri amatha mbaula chifukwa ili ndi chikombole, koma odziwa kuumba mtsuko ndi nkhali yofululira mowa ndi atatu okha, ndipo agogo zala zayamba kuuma ndi nyamakazi. Kale mwana wamkazi ankaphunzira luso limeneli kwa mayi ake kapena agogo ake pakhomo. Lero mwanayo amakhala kusukulu, zimene ndi zabwino ndipo ine ndimadyera momwemo, koma zikutanthauza kuti njira yakale yopatsirana lusoli idaduka. Chisakasa cha gulu ndi chimene chatsala. M'menemo mwana wa mwini ndi mlendo amaphunzira mofanana, ngakhale mwamuna wa dipuloma amapatsidwa malo.

Ife aphunzitsi timadandaula chaka ndi chaka kuti sukulu zoyendera zilibe zipinda zoyesera za sayansi, ndipo dandaulo limeneli ndi loona. Koma pafupi ndi sukulu zambiri za kumudzi pali dambo, pali woumba mbiya, pali uvuni. Mitundu ya nthaka, kusintha kwa zinthu pamoto, kuuma kwa madzi, kuwerengera phindu ndi kutayika kwa katundu, mbiri ya Amaravi, zonsezi zili m'silabasi ndipo zonsezi ndidaziona zikuchitika m'chisakasa chimodzi chaudzu. Komanso si ana onse amene timawalembetsa mayeso a Fomu 4 adzapeze malo kukoleji. Amene atsale kumudzi akuyenera kutuluka m'manja mwathu akudziwa kuti ntchito yamanja si chilango cha olephera.

Teremu ino ndagwirizana ndi aphunzitsi aakulu kuti kalabu yathu ya sayansi iziyendera mayi wina woumba miphika wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu yathu kawiri pamwezi, ndipo makolo avomera kuti tizimuthokoza ndi kangachepe kuchokera m'thumba la kalabu, chifukwa mphunzitsi aliyense amayenera kulipidwa. Anyamata adayamba ndi kunyinyirika, koma atamva kuti ine ndidaponda dongo masabata asanu, asanu ndi awiri alembetsa.

Kwa inu amene mungafune kukaphunzira, nthawi yabwino ndi yachilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene madambo aphwa ndipo zoumba zimauma bwino. Yambani mwakaonekera kwa amfumu, chifukwa mtapo ndi wa mudzi. Tengani zovala zakutha, wengani zikhadabo, ndipo musapite ndi masiku awiri okha, popeza kuchokera kumtapo kufika pa chiwiya chopsa pamatenga mwezi kapena kuposa. Mukakagula mphika kwa amayi otere, ugogodeni kaye kuti mumve kulira kwake, ndipo ukalira bwino musanenerere mtengo mpaka kuwatsitsa pansi. Mwezi wathunthu wa ntchito uli mumphika umenewo.